Finye ndi Mwini Mvula

Kalekale... Sendererani kuno, ana inu. Nanunso akuluakulu, ikani kaye fodyayo pansi. Kalekale, kuseri kwa mapiri amene ife sitinawaonepo, kunali dziko la mchenga wokhawokha. Tili tonse? Eya, tili tonse.

Kudziko limenelo mvula inkabwera kamodzi pachaka, ikafuna. Ndiye chaka chimene ndikunenachi dzuwa linakwiya. Linkatuluka m'mawa lili kale ndi ukali wa masana. Mchenga unkatentha ngati phale lokazingira chimanga. Miyala inkasweka yokha, thee! thee! Mbalame zinkauluka kukamwa kuli yasa, ndipo mphepo ikawomba, zinkakhala ngati wina wakuvundukulira ng'anjo kumaso.

Pakati pa dzikolo panadutsa khwawa, mtsinje wouma wopanda ndi dontho lomwe. Pamtunda m'mbali mwa khwawalo panali mtengo umodzi wa mthethe, ndipo patsinde pake panali kachitsime. Madzi ake anali ofiirira, koma tizilombo tonse ta m'deralo tinkamwa pomwepo, tikatha n'kupuma mumthunzi.

Mmodzi wa omwa pamenepo anali Finye. Mukumudziwa Finye, kachule kozungulira kaja, miyendo yoti kudumpha sikatha, nkhope ngati kangolandira uthenga wa maliro. Finyeyo anali ndi mlamu wake Bongololo, komanso mnzawo Gulo, buluzi wa mutu wobiriwira.

Amene ankazunzika kwambiri ndi kutentha anali Bongololo.

"Alamu, inu mukudandaula chiyani?" ankatero. "Mapazi anu ndi anayi okha. Ine ndikaponda pansi ndimapsa kambirimbiri nthawi imodzi. Phazi lakutsogolo likamalira, lakumbuyo n'kuti lisanamve n'komwe kuti kunja kwaipa."

Tsiku lina masana onse anaona fumbi lili kobo! Di, di, di, di! Anali Nthiwatiwa. Masiku amenewo Nthiwatiwa anali ndi nthenga thupi lonse, khosi lonse, ntchafu zonse, ndipo ankadzimva kwabasi. Sanapereke moni. Anangopisa khosi m'chitsime, kwiti, kwiti, kwiti. Atakhuta anatembenuka n'kukhala pachitsimepo, khwatha, ngati akufungatira mazira.

"Chitsime n'changa," anatero. "Mthunzi ngwanga."

Gulo anatenga chigoba cha nkhono, chimene ankamwera madzi, n'kupita mogwedeza mutu mwaulemu.

"Zikomo bambo. Tigawireniko pang'ono, kungonyowetsa lilime."

Nthiwatiwa anayang'ana chigobacho ndi diso limodzi, kenako ndi linalo. Jompho! Wameza. Onse anachiona chikutsika pakhosi pang'onopang'ono mpaka chinakalowa.

"Chigobanso n'changa."

Tsiku limenelo palibe anamwa. M'mawa mwake palibe anamwa. Amene ankayandikira ankalandira chidendene.

Finye anaona kuti khungu lake layamba kuuma ngati chikopa chakale. Anadzikwirira mumchenga. Pajatu Finye sakumba ngati anzake, amakumba chobwerera m'mbuyo, fuku, fuku, fuku, nkhope n'kumalizira kulowa. Ali pansipo, msana unayamba kumuyabwa. Anaukanda, unayabwabe. Finye anaseka yekha mumdima. A mtundu wa Finye onse amadziwa: msana ukayabwa chotero, mvula yatsala ndi masiku atatu.

Anatuluka msangamsanga kukauza mlamu wake. Anam'peza kuseri kwa kamwala, atadzipinda ngati nkhata.

"Alamu, dzukani! Mvula ikubwera! Masiku atatu okha!"

"Atatu?" Mawu a Bongololo ankamveka ngati akuchokera m'botolo. "Ine mawa sindifika, alamu. Chimodzi chokha ndikupemphani. Mudzandiike chowongoka. Musadzachite ulesi pokumba."

Finye anayang'ana uku ndi uku. Gulo anali gone, mutu wasiya kugwedera. Mbewa zinali lambalamba pansi pa udzu wouma. Nkhululu inali itasiya kuimba. Anaona kuti mlamu wake sakunama. Mvula idzapeza mitembo.

Pamenepo Finye anapeza nzeru. Kenako anatsetserekera m'khwawa, pamalo oti Nthiwatiwa amuone bwino. Anaimirira ndi miyendo iwiri padzuwa, n'kutambasula timanja take, nkhope kumwamba.

Nthiwatiwa anayang'ana kumbali. Anayang'ananso. Anayesa kugona, koma diso limodzi linakana kutseka.

"Iwe kachule! Dzuwa lakuzunguza mutu?"

"Iyayi bambo. Ndikungowongola msana."

"Msana amawongola choyang'ana kumwamba?"

"Kwathu timatero, bambo."

Nthiwatiwa anatambasula khosi lake lalitali mpaka mlomo unafika pamphuno pa Finye.

"Unene zoona, apo ayi ulondola chigoba chija."

Finye ananjenjemera, ndipo theka la kunjenjemerako linali lenileni.

"Pepani bambo, ndinena. Koma musauze wina. Mvula ilibe mwini. Yatopa kuyendayenda ngati mwana wamasiye, ndiye chaka chino ikubwera kudzasankha mwini wake. Amene idzam'peze ataima pakati pa khwawa, manja atatambasula, maso kumwamba, masiku atatu athunthu, ndiye mwiniyo. Mitambo yonse yake. Mabingu ake. Dontho lililonse lake."

"Bodza!"

"Eya bambo, ndi bodza. Bwererani mukapume."

"Ukundithamangitsa? Ndiye kuti si bodza!"

"Dikirani dzuwa lipendeke," anatero Finye monong'ona. "Muona mtambo ukusuzumira paphiri apo, kudzaona ngati ndaimadi."

Finye ankadziwa kuti mvula ikayandikira, mitambo imayamba kusuzumira madzulo aliwonse. Ndipo dzuwa litapendeka, kamtambo koyera kanatulukiradi pamwamba pa phiri, tumphu! Kanakhala pang'ono, kenako kanabwerera.

Maso a Nthiwatiwa, amene ndi aakulu kale, anakula kawiri. Anadzuka pachitsime. Anakankha chimwala chachikulu ndi phazi n'kutseka chitsimecho, gwa! Ndiye anathamangira m'khwawa, n'kumukankhira Finye kumbali ngati kambatata.

"Choka apa! Timanja timeneti mvula ingatione? Ona mapiko awa!" Anawatambasula, phaa! "Ndipo wina asayerekeze kukhala mumthunzi wa mtengo wanga. Maso angawa amaona patali."

Finye anakhala pansi n'kuyamba kulira mokweza.

"Mayo ine! Malo anga andilanda! Komabe nyimbo ija sindikuuzani."

"Nyimbo yanji?"

"Yoitanira. Popanda nyimbo mvula imangodutsa."

"Imba msanga!"

"Siimbidwa ndi mmodzi, bambo. Imafuna gulu. Ndipo oimbawo amabisala kunsi kwa mapiko, kuti mvula iziyesa mukuimba ndinu. Inu ntchito yanu n'kukupiza mapiko pang'onopang'ono, kukodola mitambo. Koma chachikulu n'ichi: musayang'ane pansi. Mvula ndi yansanje. Ikaona kuti mwayang'ana pansi, imati mumakonda dothi, ndiye imapita kwa wina."

"Kaitane gululo. Koma adziwe kuti sindiwapatsa kanthu."

M'mawa mwake gulu linabwera. Gulo anabwera akukoka Bongololo ngati chingwe. Mbewa zinabwera, nkhululu zinabwera, abuluzi ena, mpaka ziwala. Onse analowa kunsi kwa mapiko a Nthiwatiwa. Anthuni, mthunzi wake! Wa mthethe uja unali wobowokabowoka, koma uwu unali wandiweyani, ndipo pamwamba pake panali kamphepo. Finye anayambitsa nyimbo, enawo n'kumavomera. Inunso vomerani.

Mtambo uwo wadzera kuti?
Kupizani, bambo, kupizani!
Wadzera kuphiri, ukufuna mwini.
Kupizani, bambo, kupizani!

Nthiwatiwa anakupiza. Kupi, kupi, kupi. Mbewa zinagona chagada, mimba kumwamba.

Nyimbo ili m'kati, Finye anasiyira Gulo kutsogolera. Iye anayamba kukumba pakati pa mapazi a Nthiwatiwa penipeni. Fuku, fuku, fuku, chobwerera m'mbuyo. Anakumba pansi pa mchenga, anakwera pansi pa gombe, anadutsa pansi pa mizu ya mthethe, mpaka matako ake anamva kuzizira. Wafika pachitsime, pansi pa chimwala chija! Anabwerera, madzi akumutsatira pambuyo. Poti khwawa linali kunsi, madziwo anatsika okha, n'kudzatumphukira pakati pa mapazi a mwini wake.

Bongololo ndiye anayamba kumwa. Anamwa, anamwa, n'kuyamba kuwongoka pang'onopang'ono kuyambira kumutu. Kenako anamwa onse mosinthana, ena akuimba, ena akumeza.

"Chikumveka kuti kwiti-kwiti n'chiyani?" anafunsa Nthiwatiwa, maso ali kumwamba.

"Ndi ng'oma ya nyimboyi, bambo," anayankha Finye.

"Nanga mapazi angawa akuzizira bwanji?"

"Eee! Akuzizira? Anzanga, ombani m'manja! Mvula yayamba kuwazindikira! Imayambira kumapazi, bambo. Kumutu imamalizira."

Nthiwatiwa anadzitukumula n'kukupiza mwamphamvu.

Tsiku lachiwiri dzuwa linaswa mtengo. Mapiko a Nthiwatiwa analemera ngati anyamula mitolo ya nkhuni. Lilime linauma gwa. Madzulo mitambo inaunjikana paphiri, ina pamwamba pa inzake, yoyera pamwamba, pansi pake bii. Kutali kunamveka gu-gu-gu-gu. Fungo la dothi lonyowa linafika mpaka m'khwawa.

"Bwera kuno! Ndili pano!" anakuwa Nthiwatiwa ndi mawu osasa.

Koma mitamboyo inangong'anima kawiri, n'kumwazika. Kunatentha kuposa kale, kutentha konyowa, komata m'thupi.

"Yapitiranji?"

"Ikukuyesani, bambo. Ikufuna ione ngati ndinu wopirira."

Tsiku lachitatu kunacha kumwamba kuli mbee, kopanda ndi kamtambo komwe. Msana wa Finye unkayabwa ngati wagona pa chitedze, koma kumwamba kunalibe kanthu. Dzuwa linafika pamutu. Linapendeka. Kulibe. Finye anayamba kuda nkhawa. Kodi msana ungathe kunama? Ankaimba, koma diso lili kuphiri.

Nthiwatiwa khosi linamuwawa. Linamuwawa, linamuwawa, mpaka linangogwa lokha. Anayang'ana pansi.

Anaona chithaphwi pakati pa mapazi ake. Anaona Gulo akusamba m'khwapa. Anaona mbewa zikuwazana madzi. Anaona Bongololo atakhala m'mphepete, akutsuka mapazi ake limodzilimodzi, atafika pa la makumi atatu.

Nyimbo inathera pakamwa.

"Madzi awa achokera kuti?"

Onse anayang'ana Finye.

"Ndi... ndi thukuta lanu, bambo."

Jompho! Finye ali kukamwa kwa Nthiwatiwa. Koma Finye ali ndi chida chake. Anakoka mpweya, anakokanso, n'kufufuma, n'kufufuma, mpaka anakhala ngati dzungu laling'ono. Nthiwatiwa anayesa kumeza, sizinatheke. Anayesa kutseka mlomo, sunatsekeke. Anapukusa mutu uku ndi uku. Finye anangoti kakaka pakati pa mlomo, mpweya ataugwira, maso atatuzuka. Ankadziwa kuti akangopuma, wapita.

Mpweya utatsala pang'ono kumuthera, kamphepo kozizira kanamukhudza pamsana. Udzu wouma unati wayawaya. Ali m'mwambamo Finye anaona kuseri kwa phiri chikhoma cha fumbi, chofiira, chotalika mpaka kumwamba, chikubwera. Pambuyo pake panali mtambo wakuda bii, mphezi zikuthamanga m'kati mwake, ng'ani! ng'ani!

Phulu-lu-lu! Bingu linagwedeza dziko lonse.

Nthiwatiwa anatukula mutu, anaona, n'kuyasamula kukamwa konse.

"Yangaaa!"

Finye anagwa pansi, phi! n'kugubuduka. Anatulutsa mpweya wonse, fyuu.

"Thawani nonse! Kumtunda! Pathanthwe apo!"

Mbewa zinathamanga, ziwala zinauluka. Bongololo, yemwe uja ankapempha manda owongoka, anadutsa onse, mapazi akuchita ngati mafunde. Finye poti sathamanga anakwera pamsana pa Gulo. Fumbi linawapeza panjira, kunada ngati dzuwa lalowa, mchenga ukuwakwapula kumaso. Anafika pathanthwe n'kubisala kunsi kwake.

Tho! Dontho loyamba linagwa pamwala n'kuuma pomwepo. Tho! Tho! Tho-tho-tho! Kenako kumwamba kunang'ambika. Mvula inakhuthuka ngati wina wagubuduza mitsuko yonse ya kumwamba. Matalala anatsatira, go! go! go! Kunsi m'khwawa Nthiwatiwa ankavina, akujompha matalala m'malere n'kumameza.

"Awa nganga! Ilinso n'langa! Musatole, ndawawerenga!"

Onse pathanthwe anaseka mpaka kugwirana. Koma Finye anasiya kuseka. Anamva phokoso lina, losiyana ndi bingu, lochokera kumtunda kwa khwawa. Linali lapansipansi, losalekeza. Wuuuu. Mvula inali itayamba kale kumapiri, ndipo madzi onse a kumeneko anali panjira.

Finye ankafuna madzi akumwa, sankafuna maliro. Anatuluka pamvula n'kukuwa ndi mawu ake onse.

"Bambo Nthiwatiwa! Tulukani m'khwawamo! Madzi akubwera!"

"Akubwera kwa mwini wake!"

"Zoona bambo, thawani! Zija ndinakunamizani! Mvula ilibe mwini!"

"Ha! Wayamba nsanje! Ukufuna ndichoke kuti uimepo iwe? Ndakudziwa, kachule iwe!"

Anatembenukira kumtunda, anatambasula mapiko, n'kuyasamula kukamwa kuti awamwe onse.

Madzi anatulukira pokhota, ofiira ngati thobwa la mawere, atasenza zitsa, nthambi ndi miyala. Anamunyamula Nthiwatiwa ngati kankhuku. Miyendo m'mwamba, mutu pansi. Mutu m'mwamba, miyendo pansi. Gubudu, gubudu, gubudu! Anam'dutsitsa m'zitsamba zaminga, minga n'kumamusosola, nthenga zikuyandama pambuyo pake. Onse pathanthwe anamva mawu akuzilala chakumunsi.

"Ndakhuta! Basi! Ndati ndakhutaaa!"

Mvula ya kuchipululu sichedwa. Dzuwa lisanalowe inali itakata. Kumadzulo kunayera, dziko lonse likunyezimira, madzi ali mbwee paliponse, m'maenje, m'mapazi a nyama, m'ming'alu ya miyala. Mpweya unali wozizira, wonunkhira. Kenako ngumbi zinayamba kutuluka m'nthaka, zambirimbiri, mapiko akuwala.

Ha, phwando lake! Gulo ankadumpha n'kumagwira ziwiriziwiri. Mbewa zinadya mpaka kulephera kuyenda. Nkhululu zinayambiranso kuimba. Finye anangokhala pakhomo pa una wa ngumbizo n'kutsegula kukamwa, ngumbi zikudzilowera zokha. Bongololo anayenda m'matope uku ndi uku, osapita kulikonse, kungofuna kuti phazi lililonse limveko kuzizira.

"Alamu," anatero, "mukanakhala ndi khosi ndikanakukumbatirani."

"Ndi manja angati?" anafunsa Finye. "Mungandiphe. Ingodyani."

Patapita masiku awiri mchenga unamera msipu, timaluwa tachikasu tili waa mpaka kuphiri. Ndipo tsiku lomwelo onse anaona chinthu chikubwera chotsimphina kuchokera kumunsi. Khosi lili psiti, lopanda nthenga. Ntchafu zili pamtunda, zofiira ngati za nkhuku yososola. Anali Nthiwatiwa. Madzi anali atakamupachika pamtengo waminga kutali, ndipo anatsikapo yekha.

Mbewa zinabisa nkhope kuti zisaseke. Gulo analuma mchira wake.

Finye anapita kukamulonjera.

"Mwabwerako, bambo? Pepani ndi ulendo. Bwerani mumwe, madzi ndi ambiri. Kulinso msipu."

Nthiwatiwa anayang'ana chithaphwi chimene chinali pafupi, n'kukhalapo, khwatha. Atakhala anaona china patsogolo, chachikulu, ziwala zikumwapo. Anadzuka, anathamanga, anakhalapo. Atacheuka anaona mbewa zikusamba pa choyamba chija. Anabwerera. Ali m'njira anaona chachitatu kumanja, chachinayi kumanzere, chachisanu uko, china uko, zithaphwi mpaka pomwe maso amalekezera.

Di, di, di, kumanja! Di, di, di, kumanzere! Mapiko ali tambasu, khosi lili pamtunda.

"Kodi tiwauze kuti apume?" anafunsa Gulo.

"Auzeni," anatero Finye, "mukawapeza."

Sanamupeze. Mpaka lero amene anafikako kumaiko a mchenga amati Nthiwatiwa akuthamangabe mokhotakhota, nthenga za m'khosi sizinamerenso. Zithaphwi zija zinauma kalekale, koma iye sanamve.

Nthano yanga yafika pamchira, ndaisiya pomwepa, wofuna aitole. Ana inu, mukamakula muzikumbukira kuti matako ndi awiri okha, sakhala paliponse. Ndipo inu akulu amene mwakumbatira mtedza wonsewo kuyambira pamene ndinayamba kulankhula, khwawa lili apo. Uyendetseni kuno.